Tepi ya Verna Pansi pa Nsawawa

Mufiriji ya Verna Sprague, kuseri kwenikweni pansi pa mapaketi a nsawawa, munkakhala mpukutu wa tepi yomatira mawindo. Tonsefe okhala m'nyumba zamatayala timasunga tepi yotereyi mufiriji, chifukwa ikamva kutentha imakakamira papepala lake ndi m'zala ngati ulimbo. Koma enafe timaiika poonekera, pafupi ndi batala. Verna yekha ndiye ankaibisa, ndipo anasankha nsawawa chifukwa amuna ake, a Orrin, sadya nsawawa ndipo sangazikhudze n'komwe.

Verna anali mnzanga. Chaka chilichonse chisanu chikayamba kumpoto tinkakumana m'chipululu cha kufupi ndi Quartzsite, n'kuimika magalimoto athu moyandikana mpaka dzuwa litayamba kuwotcha. Anali mayi wamng'ono thupi, wa manja okhakhala, amene anathera utsikana wake wonse akusankha mbatata pafakitale ina ku Idaho, ataima pamalo amodzi, maso ali pa lamba wa makina wodutsitsa mbatatazo. Ankati ali pantchitopo analumbira kuti akadzapuma sadzayang'ananso khoma limodzi kwa mwezi wathunthu. Galimoto yogonamo anaifuna ndi iyeyo. A Orrin ankayendetsa, koma woloza njira anali Verna, ndipo ankadziwa malo otayira madzi akuchimbudzi kuyambira ku Yuma mpaka kugombe la Oregon, kumene ankakagwira ntchito yoyang'anira msasa wa alendo nyengo yotentha. Moyo umenewu ankaukonda kuposa mmene ankakondera tchalitchi, ndipo tchalitchi ankachikonda.

Tsono a Orrin. Ndinene poyera, mkulu ameneyu amandinyansa, ndipo chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti si munthu woipa mtima. Akanakhala wankhanza bwenzi anthu atamutulukira kalekale. Anagwirapo ntchito yokonza mabafa m'nyumba zogona alendo ku Nebraska, ndipo kumeneko n'kumene anatengera chikhulupiriro chawo chakuti palibe mng'alu padziko lapansi umene silikoni sangatseke. M'mawa uliwonse ankanyamula makwerero paphewa, chofinyira silikoni m'chiuno, n'kumazungulira msasa kuyang'ana mawindo a anthu. Akapeza mayi wamasiye amene wangofika kumene, mwayi wawo. Ankakwera padenga osapemphedwa, n'kupaka chiphala chawo choyeracho kuzungulira mawindo, kuzungulira chivundikiro chotulutsira mpweya, ngakhale patimabowo ta pansi pa windo timene opanga galimoto anasiyira dala kuti madzi a mvula azitulukirapo. Kwa iwo bowo lililonse ndi mdani. Ndalama sankalandira, ankangofuna payi, mkate wotsekemera wa maapozi, ndi kuthokozedwa pagulu madzulo tikamawotha moto.

Amene sanakhalepo m'nyumba zoyendazi angadabwe kuti vuto lili pati. Bafa limakhala pamodzi, pamene galimoto imagwedezeka, imapindika m'misewu yamabampu, imafufuma masana n'kunyala usiku. Silikoni amamatuka pang'onopang'ono, madzi n'kulowa kuseri kwake n'kusowa potulukira. Ndipo pamene padutsa silikoni sipamatanso kanthu, ngakhale silikoni mnzake. Ndi chifukwa chake ine ndikaona munthu akubwera ndi chubu chimenecho ndimamasula galu.

Nanga bwanji mbiri yawo sinkaipa? M'chipululu muno mvula siigwa yoti n'kuyesa windo. Ntchito ya a Orrin inkaonekera poyera miyezi ingapo pambuyo pake, munthu ali ku Washington kapena ku Montana, madzi akutsika pakhoma. Ena sankabweranso. Obwerawo ankangoti zii, poti ungamunene bwanji munthu amene anakugwirira ntchito yaulere? Manyazi anapha lambe. Komanso kuno madzi timachita kukagula m'tauni n'kuwakoka m'migolo, moti kuthira madzi pawindo kuti uone ngati likudontha ndi chinthu chimene munthu wamutu wake sachita. Otsukira mbale timathirira moto, osambira timatsukira chimbudzi. Mwambo umenewu ndi umene unkasunga ulemu wa a Orrin.

Tepi ija tinakagula limodzi, ine ndi Verna, zaka zingapo zisanachitike zimene ndikufuna kunenazi. Unali mwezi wa Januwale, pa msika wa matenti, ndipo ine ndinkafuna yomatira chivundikiro cha padenga langa. Ndinadabwa kuona Verna akutsalira pa tebulo la wogulitsayo, akufunsa mafunso ngati akufuna kutsegula sitolo yake. Panali mitundu iwiri yofanana maonekedwe, yonse yotuwa, yonse yokulungidwa ndi pepala. Ina ndi yakale ija yonga dongo, imene imauma pakapita zaka zochepa n'kung'aluka. Inayo ndi ya byutilo, imene siuma mpaka kalekale. Wogulitsayo, bambo wina wandevu zachikasu ndi fodya, ankalumbira kuti zonse ndi byutilo. Verna sanatsutsane naye. Anangotsina kachidutswa pa mpukutu uliwonse n'kukoka. Koyambako kanaduka nthawi yomweyo. Kachiwiriko kanatamuka ngati chingamu, mpaka manja ake anatambasuka onse koma osaduka.

Sanalekere pomwepo. Anatulutsa kaulusi m'thumba la juzi, kokhala ndi mfundo ziwiri. Anali atayeza m'lifupi mwa mkombero wa windo lakuchipinda kwawo, a Orrin ali kokasamba. Ankafuna tepi yodzaza mkombero wonsewo, yosapyapyala, chifukwa khoma la galimoto yawo ndi la malata a mizeremizere ndipo tepi yopyapyala imasiya mipata m'timakwawa ta malatawo. Yakuda anaikana chifukwa imadetsa utoto ikamatuluka m'mbali, ndipo a Orrin akanaiona ali patali. Anafunsanso ngati mpukutuwo wakhalitsa padzuwa, n'kusankha wa pansi pa katoni, nautsinanso kuti atsimikize. Ine ndakhala pamsewu zaka zambiri koma sindinaonepo munthu akusankha tepi mwaluso chotero.

Pobwerera ndinamufunsa kuti windolo alimata liti.

"Ndikapeza mpata," anatero.

"Mpata wanji? Ndi ntchito ya tsiku limodzi iyi."

"Iwe Maxine, suwadziwa a Orrin. Atamva zoti mkazi wawo wagula tepi, ndiye kuti ndawavula pagulu."

Mpatawo sunapezeke chaka chimenecho, kapena chotsatiracho. Pakati pa zaka zimenezi Verna anayamba kutsokomola. Poyamba tinkati ndi fumbi la m'chipululu, poti tonse timatsokomola kuno. Koma chake chinali chifuwa cha pansi, cholira ngati chitseko chadzimbiri, ndipo chinkakula akachokera ku Oregon. Anayamba kuyenda ndi kampope ka mphumu m'thumba. Chaka chathachi anafika atatha thupi, ndipo ndinamukakamiza kupita kwa dokotala ku Yuma, ndinamuperekeza ndekha. Dokotalayo, mtsikana wodekha, anamufunsa ngati pamene amagona pali chinyezi. Verna anayang'ana pansi. Pamenepo m'pamene ndinamva koyamba nkhani ya mathaulo.

Bedi lawo linagundana ndi khoma, ndipo kukhomako, pansi pa windo, n'kumene Verna wakhala akugona kuyambira tsiku limene anagula galimotoyo. A Orrin amagona kunjira chifukwa amadzuka pafupipafupi kukataya madzi. Mvula ikamagwa ku Oregon, ndipo kumeneko imagwa ngati yaiwala kusiya, Verna ankapinda thaulo n'kulilowetsa pakati pa matiresi ndi khoma. M'mawa ankalichotsa lili chonyowa, n'kulifinya amuna ake asanadzuke. Anawauzapo kamodzi kuti windo likudontha. Iwo anati ndi thukuta la galasi chabe, koma kuti mtima wake ukhale pansi anatuluka n'kukapakanso silikoni wina pamwamba pa wakaleyo. Kuyambira pamenepo Verna sananenenso, poopa kuti apakanso. Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, koma a Orrin anakwera pamsana pa mkazi wawo.

Dokotala sanazungulire. Anati mapapo a Verna sangapirirenso nyengo ina ya mvula m'chipinda chimenecho. Chinyezicho chichoke, apo ayi achoke ndi iyeyo, akakhale m'nyumba yeniyeni. Verna anamvetsa tanthauzo lake. Nyumba yeniyeni yomwe ikanamulandira inali ya mwana wawo Colleen ku Boise, m'chipinda chapansi chimene kawindo kake kamayang'ana mpanda wa aneba. M'galimoto pobwerera sanalire. Anangoti a Orrin ali ndi tsiku lokachotsa mano ku Algodones sabata yamawa, ndipo adzapita ndi anzawo m'mamawa n'kubwera madzulo.

Tsikulo litafika, fumbi la pikapu yawo lisanathe n'komwe, Verna anali atatulutsa kale tepi pansi pa nsawawa. Anaikulunga m'kansalu n'kuiika pamthunzi. Nkhope yake inali ngati ya mtsikana wopita kudansi. Ine ndinaima panja pa makwerero ndi lezala, iye ali mkati kumasula masikuluwu. Kudula silikoni kokhako kunatitengera m'mawa wonse. Anali wa misinkhumisinkhu, woyera pamwamba, wachikasu pakati, wakuda pansi, ndipo ntchentche ndi fumbi la zaka zonsezo zinali zitakwiririka momwemo. Ankasendeka ngati chikopa cha nkhuku yowiritsa. Timabowo totulutsira madzi tija ndinachita kutifufuza ndi msomali, tonse tinali totsekedwa bwinobwino, mwaluso, ndi munthu wonyadira ntchito yake.

Windo litachoka, choyamba kutipeza chinali fungo. Sindidziwa ndilifanizire ndi chiyani, mwina mbatata zowolera m'thumba. Thabwa lozungulira bowolo linali lakuda bii, ndipo nditaligwira chala chinangolowa. Ndinakoka pang'ono, n'kutuluka ndi chiphala chonyowa m'dzanja, m'chipululu muno mmene thaulo limauma usanalipachike. Thonje la m'kati mwa khoma linali litasanduka chinthu china chaubweya wobiriwira. Nyerere zikuluzikulu zakuda zinayamba kutuluka zitanyamula mazira, kutsikira pa pilo wa Verna. Titakankha matiresi tinapeza kuti pakona, pamene mutu wake unkatsamira, pamera bowa wotumbululuka, watimiyendo tatitali. Ndinatsika pa makwerero n'kukasanza kuseri kwa chitsamba, ndipo sindichita manyazi kunena.

Nditabwerera ndinamupeza Verna akupala mkombero wa windo ngati sanaone kanthu. Ankapala ndi lezala, n'kupukuta ndi spiriti, n'kupalanso, kufuna kuchotsa mafuta onse a silikoni kuti tepi yake igwire. Ndinayenera kumugwira dzanja kuti asiye. Tepi imeneyi imagwira ntchito ikafinyidwa pakati pa windo ndi khoma lolimba. Apa panalibe khoma. Ndinagogoda ndi chibakera kutsika m'munsi mpaka pansi, kupita chakumbuyo mpaka pakona, ponseponse pankangomveka fofofo. Kukonza pamenepo kunafunika kusasula mbali yonse ya galimoto, ntchito ya amisiri a m'tauni ya miyezi, ndipo galimoto yakale ngati imeneyo palibe mmisiri angavomere kuiyamba.

"Mwina tikaika mizere iwiri," anatero Verna.

"Ngakhale khumi, mnzanga. Ifinyidwa ndi chiyani?"

Anakhala pa bedi pakati pa nyerere zija, mpukutu uli pamiyendo, pepala lake lisanamatulidwe n'komwe.

A Orrin anafika dzuwa likupendeka, tsaya litatupa, thonje lili m'kamwa. Anthu anali atasonkhana kale, poti bowo pakhoma la galimoto silibisika. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pabowopo, nasuzumira. Ndinkawayang'anitsitsa nkhope. Ndikulumbira kuti kwa kanthawi kochepa anaona, chifukwa analowetsa dzanja, nagwira chiphalacho, nachinunkhiza. Kenako anacheuka n'kuona anthu, amayi amasiye onse aja amene ankawaphikira payi. Analavula thonje lamagazi pansi.

"Mayi, mwatani apa? Windo limeneli silinadonthepo."

"Simunagonepo mbali imeneyi, Orrin," anatero Verna, motsitsa mawu.

Mawu ake onse anali omwewo, pa zaka zonse za mathaulo. A Orrin anatembenukira kwa abambo anzawo n'kuyamba kufotokoza, malovu akutayikira pachibwano chifukwa mlomo unali usanatsitsimuke, kuti chinyezi chimenechi ndi cha mpweya wa mkati, chochokera kokuphika ndi kupuma, ndiponso kuti thabwa likangoonetsedwa kunja mwadzidzidzi limafewa. Abambo aja ankagwedeza mitu. Mmodzi mwa iwo ndikudziwa bwino kuti denga lake linawola chaka chapitacho chifukwa cha a Orrin omwewo, koma ndi amene ankagwedeza kwambiri.

Verna anagona kwanga. Kutacha tinamva kulira kwa makwerero. A Orrin anali atapopera thovu la m'chitini limene limauma n'kulimba m'khoma mowolamo, nabwezera windo, ndipo anali kulizunguliza silikoni wonenepa ngati chala chachikulu. Anasalaza ndi supuni, anatsekanso timabowo tija, kenako anaitana anthu kuti adzaone. Kunena zoona pankaoneka bwino, poyera mbee. Wina anawomba m'manja.

Mtima unandipsa. Ndinakatenga chigubu changa cha madzi akumwa n'kubwera nacho, ndikuti a Orrin akagone mkati mbali ya Verna, ine ndithire pawindopo, tione. Sindinafike n'komwe pa makwerero. Amayi awiri anandigwira mkono ngati ndanyamula petulo. Wina anati ngati madzi andichulukira ndimupatse iyeyo, winayo anati ndisalowerere za m'banja la eni. A Orrin anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, n'kunena kuti Maxine ndi wabwino koma amakonda sewero. Anthu onsewo anali atamva fungo lija dzulo lake, anaona bowa ndi maso awo, koma chimene chinawaimitsa mitima chinali chigubu cha madzi. Ndakhala nawo anthu amenewa zaka zambiri, tadyera limodzi, taikira limodzi anzathu, koma tsiku limenelo ndinanyansidwa nawo onse.

Verna ankaonerera ali pakhomo la galimoto yanga, atafunda bulangeti. A Orrin anamukodola.

"Bwerani mudzaone, Mayi. Tsopano ngakhale chigumula sichingalowe."

Verna anayang'ana windolo, kenako anandipempha foni, nalowa mkati, naimbira Colleen.

Colleen anafika kumapeto kwa sabata. Ndi mayi wachangu, wosataya nthawi. Analowa m'chipinda chija, natuluka atatseka mphuno ndi mkono, ndipo matiresi, mapilo ndi zovala zambiri za amayi ake anakana kuzinyamula. Anawauza bambo ake kuti malo alipo a anthu awiri. A Orrin anati sangasiye galimoto yabwinobwino chifukwa cha mphekesera, komanso anthu kuno amawadalira. Anati Verna akapume kaye, chifuwa cha fumbichi chikatha adzamutenga popita ku Oregon. Ankakhulupiriradi zimenezo, ndipo anamunyamulira chikwama mpaka pagalimoto, namupsompsona pachipumi.

Katundu yense wa Verna anakwana kumbuyo kwa galimoto yaing'ono. Mabuku ake a mapu anawasiya, anati ku Boise sakasochera. Atatsala pang'ono kukwera anabwerera m'nyumba mwake komaliza, ndipo ndinamva chitseko cha firiji. Anatuluka ndi kansalu kaja n'kundipatsira kumbali, a Orrin asakuona, ngakhale panalibenso chifukwa chobisira. Mpukutuwo unali wozizira, wathunthu, wosowa kachidutswa kamodzi kokha kamene anatsina kumsika kuja.

"Koma ndinasankha bwino, eti Maxine?"

"Unasankha bwino."

"Ndinadziwa," anatero, n'kukwera.

Timalankhulana pafoni Lamlungu. Chifuwa chachepa, akuti, ndipo mpanda wa aneba aupaka utoto watsopano. Amandifunsa za msewu, ngati malo otayira madzi a ku Ehrenberg akadali otsegula, ngati maluwa a m'chipululu ayamba. Za amuna ake safunsa, ndipo ine sindiyambitsa.

A Orrin akadali pompano, amagona mbali yawo yomwe ija ya kunjira. Dzulo kwafika mayi wina wa ku Minnesota, wamasiye, ndi galimoto imene anagula atagulitsa nyumba. M'mawa uno ndamva fungo la payi wa maapozi kuchokera kwake, ndipo makwerero aja aima kale pakhoma la galimoto yake.